Zala Ziwiri za Alamu

Alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga, makina anawadula zala ziwiri kudzanja lamanja, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo anagula filiji. Ine zala zanga zilipo zonse, bwerani muwerenge, koma dzanja langa lamanja silitha kunyamula ngakhale kapu ya madzi, ndipo chimene ndinatolapo ndi njinga yoti sindingathe kukwera. Mukanena kuti nsanje ndi yoipa ndikuvomerani. Koma yambani mwandimvera musanayambe kundilalikira.

Tonse awiri tinkagwira ntchito pafakitale yopanga malata. Ine ndinakhalapo zaka khumi ndi ziwiri. Alamuwo ndine ndinawalowetsa, atakwatira mlongo wanga alibe ngakhale mpando wopatsa mlendo. Ndinachita kukawapemphera kwa kapitawo, chipewa chili m'manja. Ndine ndinawaphunzitsa kagwiridwe ka lata kuti lisakucheke, ndi kaimidwe ka pamakina odulira. Ndinawaphunzitsanso kanzeru kathu kena. Makina odulirawo anali ndi chotchingira chachitsulo kutsogolo kwa mpeni, choti manja asafike pafupi, koma chinkachedwetsa ntchito, ndiye tonse tinkachikweza m'mwamba n'kuchimanga ndi waya. Kapitawo ankaona, n'kuyang'ana kumbali, poti malata akatuluka ambiri iyenso ankatamidwa.

Mkati mwa geti munali bolodi lobiriwira lolembedwa kuti MASIKU OPANDA NGOZI. M'mawa uliwonse munthu wa pageti ankafufuta nambala ya dzulo n'kulemba ina ndi choko. Wina akavulala n'kulembedwa m'buku la ngozi, nambala ija inkabwerera pa ziro. Chaka chimenecho abwana analonjeza kuti tikafika pa 365, aliyense wa ife, anthu makumi asanu ndi limodzi, alandira njinga yatsopano. Imodzi anachita kuipachika pakhoma la m'chipinda chodyera, chishalo chikadali m'pulasitiki, kuti tiziiona tikamatafuna.

Kuyambira pamenepo pafakitale pathu panalibenso wovulala. Anthu ankachekedwa, inde, koma ankamanga ndi tepi n'kuvala golovesi pamwamba. Wina chitsulo chinam'gwera paphazi, anatsimphina mwezi wathunthu akunena kuti ndi nsapato yothina. Kutchula buku la ngozi kunali ngati kutukwana m'tchalitchi. Ine ndemwe ndinkaseka nawo, n'kumauza obwera kumene kuti mwamuna salira ndi kabala ka lata.

Tsiku la 361, cha m'ma leveni, tcheni chonyamulira mulu wa malata chinapulumuka. Ndinangomva kuti thyo! pamfundo ya dzanja langa lamanja, kenako ndinapezeka ndili pansi. Anthu anathamanga, anachotsa malata aja. Ndiye mukudziwa chimene anayamba kuyang'ana? Osati dzanja langa ayi. Maso onse anatembenukira kugeti, kubolodi kuja.

"Akulu," anatero kapitawo atanyonyomala pambali panga, "masiku anayi okha. Anayi basi."

Ine thukuta lili kamukamu, mano nditaluma. Alamu anagwada n'kundigwira paphewa.

"Alamu, taganizirani anthuwa. Ena analonjeza kale ana awo. Limbani mtima, mukachira tikuonani tonse."

"Tikuonani, tikuonani," anthu anavomera ngati kwaya.

Ndisanamizire munthu, palibe anandikakamiza. Njinga ija nanenso ndinkaifuna, ndipo ndinkaopa kutchedwa munthu amene anamanitsa anzake onse njinga kutatsala masiku anayi. Ndinagwedeza mutu. Anandivula ovolosi, anandiveka malaya anga akunyumba, n'kunditulutsira kugeti lakumbuyo komwe tinkatayira zidutswa za zitsulo. Kuchipatala amene anayankhula ndi alamu. "Agwa pamakwerero akukonza denga kunyumba kwawo." Kalaliki analemba zomwezo m'kabuku kanga ka kuchipatala, dokotala anandiika chikhakha, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuntchito analemba kuti ndatenga tchuthi.

Tsiku lolandira njinga anandiitana. Panali zakumwa, zoyankhula, ndi wojambula zithunzi. Kapitawo anandiimika kumbuyo kwenikweni, atandifunditsa jekete paphewa kuti chikhakha chisaoneke. Anzanga anatuluka pageti akuliza mabelu, ngelengele msewu wonse. Ine yanga ndinaikankha ndi dzanja lamanzere mpaka kunyumba, ndipo tinaipachika kudenga la pabalaza kudikira kuti ndichire.

Chikhakha atachichotsa, dzanja linatuluka lopindika ngati chikuni, zala zachita dzanzi, zosamva kutentha kapena kuzizira. Dokotala anati mtsempha unaphwanyika, pakufunika opaleshoni, ndipo atatchula mtengo wake akazi anga anafuna pokhala. Ndinabwerera kuntchito, koma malata ankandipulumuka. Anandipatsa tsache. Ine, wa zaka khumi ndi ziwiri pamakina, kusesa tizitsulo pansi pa mapazi a anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha! Patatha miyezi iwiri kapitawo anandiitanira kumbali n'kundipatsa envelopu. Akuti ntchito yachepa.

"Nanga dzanjali, akapitawo?"

"Dzanja liti, akulu? Si paja munagwa pamakwerero?"

Anayankhula osaphethira n'komwe. Nanga "tikuonani tonse" uja? Mwezi woyamba anasonkha, zinakwana sopo ndi shuga. Mwezi wachiwiri ankangondilizira belu akamandidutsa pamsewu.

Tsopano imvani za alamu. Pasanathe mwezi chilandirire njinga, ine ndikadali m'chikhakha, mpeni wa makina odulira unawadya zala ziwiri zija. Nthawi imeneyo panalibe mphoto ina yolonjezedwa, ndiye panalibenso woti awanong'oneze za masiku anayi. Wina anamasula waya msangamsanga, chotchingira chinabwerera m'malo mwake, buku la ngozi linatsegulidwa. Anawatengera kuchipatala pagalimoto ya abwana, atakhala mpando wakutsogolo. Abwana enieniwo anakawaona atanyamula malalanje. A inshuwalansi anawerengetsa zala zija n'kunena kuti chipukuta misozi apereka m'magawo awiri. Ndipo popeza sakanathanso kugwira malata, anawapatsa kanyumba ka pageti, kokhala ndi mpando wa khushoni, kuti azilemba manambala a malole. Choko cha pabolodi lija chinakhala chawo.

Abale inu, tsoka nalonso lili ndi tsankho. Fakitale imodzi, dzanja lamanja lomwelo, koma wina wavulala tsiku loipa, wina tsiku labwino.

Nyumba zathu zinayang'anizana, msewu pakati, choncho palibe chimene chinkandiphonya. Gawo loyamba litalowa, filiji inabwera palole, yoyera mbee, yaitali kuposa mlongo wanga. Anthu anayi anailowetsa m'nyumba akukuwa, "Pang'onopang'ono! Samalani chitseko icho!" Ine ndili pakhonde panga, ndikuyerekeza kuwerenga nyuzipepala yakale. Mlongo wanga anayamba kugulitsa zoziziritsa kukhosi ndi madzi oundana. Kenako penti, kenako makatani. Njinga yawo alamu anagulitsa, akuseka kuti munthu wa muofesi sayenda ndi thukuta. Ofesi! Kanyumba ka pageti koti ukayetsemula mutu umagunda khoma.

Kwathu zinthu zinkatuluka. Wailesi inapita, sofa inapita. Mwana wanga wamkazi, amene aphunzitsi ankati adzakhala namwino, anakhala pakhomo teremu yathunthu, yunifomu atapinda pansi pa pilo. Akazi anga anayamba kuchapa zovala za anthu mpaka manja kusupuka. Njinga yokha ndinakana kugulitsa. Ndinkati imeneyo ndi dzanja langa, sindingaligulitse kawiri. Akazi anga ankangopuma mozama n'kupitiriza kukamula zovala.

Mlongo wanga ankabwera ndi kambale kovundikira. "Achimwene, ana alaweko." Ndinkati zikomo, koma wapakamwa chabe. Amayi athu akabwera kudzationa ankafikira kutsidya kuja, n'kumati, "Mkamwini wangayu ndi wamwayi, Mulungu anam'konda." Mwayi! Munthu wasiya zala m'makina, amayi akuti mwayi, ndipo choipa n'chakuti mumtima ndinkagwirizana nawo. Tsiku lina ndinapeza ana anga atandanda pakhomo pa azakhali awo, aliyense kapu m'manja, kudikira madzi ozizira. Ndinakuwa msewu wonse unamva.

"Bwererani kuno! Madzi a kwanu akuwawa?"

Kamng'ono kanalira mpaka kugona, kapu kakugwiritsa.

Ndinafika podana ndi zala zanga. Ndinkaziyala pabondo n'kumazifunsa kuti inu mukutani pano, bwanji osatsalako ziwiri pansi pa malata paja? Chala chodulidwa sichibisika, aliyense amaona, palibe angati wagwa pamakwerero. Kwanga kunali kuvulalira m'kati, koti munthu n'kuvala jekete n'kujambulitsa. Alamu nawo, m'malo mokhala chete, ankabwera ndi nthabwala zawo zachilamu. Ankakweza dzanja lija n'kumati, "Alamu, ine kuwerenga ndimathera pa eyiti, tandibwerekaniko ziwiri." Kale ndikanaseka mpaka kugwira nthiti. Tsopano ndinkangoonetsa mano.

Amene ananditsegula m'maso anali mayi wina yemwe akazi anga ankamuchapira, wogwira ntchito ku ofesi yoona za anthu ovulala pantchito. Anati mlandu suola. Ngati ndinavulaliradi pafakitale, ndilembe fomu, ndipo ndipeze mboni imodzi yoti idzaime n'kunena kuti inaona ndi maso. Popanda mboni, kabuku ka kuchipatala kadzandigwetsa. Fomuyo ndinalemba ndekha ndi dzanja lamanzere, zilembo zogwa chagada, inki itapakika monse mmene dzanja ladutsa. Anandipatsa tsiku lomva mlanduwo, patsogolo milungu isanu. Zikayenda, opaleshoni itheka, mwana abwerera kusukulu. Zikakanika, basi, dzanja ili ndidzalowa nalo m'manda chonchi.

Ndinayendera anzanga asanu ndi mmodzi, khomo ndi khomo. Onse njinga zawo zinali panja, zina matayala atatha kale. Uyu akuti tsikulo anali kumbuyo sanaone bwino, uyu akuti akazi ake ndi oyembekezera sangasewere ndi ntchito. Wina, amene tinkadyera limodzi masana zaka zonsezi, anachita kundifunsa kuti, "Kodi si paja munagwa kunyumba?" Bodza tinalipanga tonse, iye anali atayamba kulikhulupirira. Anatsala munthu mmodzi yekha, yemwe anandinyamula n'kukandinamira kuchipatala.

Ndinawapeza m'kanyumba kawo, atavala malaya ositidwa, bolopeni atapana ndi zala zitatu. Pabolodi panali 212. Ndinafotokoza zonse nditaima pazenera ngati dalaivala wodzalembetsa lole.

Anasuzumira kunja. Kapitawo anali chapafupi, akukangana ndi munthu wina za katundu.

"Mundipatse milungu itatu," anatero motsitsa mawu.

"Ya chiyani? Funso langa ndi limodzi. Mudzabwera kapena ayi?"

"Pano si poyankhulira, alamu. Milungu itatu yokha. Ndibwera kunyumba tidzakambirane."

"Masiku anayi okha, milungu itatu yokha! Inu nthawi zonse mumapempha masiku, wolipira n'kukhala ine."

Lole inaliza hutala. Alamu anadzuka kukatsegula geti, ndipo podutsa anandifumbatitsa ndalama m'dzanja lamanzere. "Mukwere basi, dzuwali laswa." Ndinaziponya pansi, zinagubuduka mpaka pansi pa bolodi. Ndinayenda wapansi mpaka kwathu, ndikutukwana njira yonse.

Anabweradi kunyumba, kawiri. Maulendo onse awiri ndinauza akazi anga kuti anene kuti ndachoka, ine ndili phee kuchipinda, ndikumva mawu awo pakhomo.

"Bambo a ana, mukuchita ngati mwana," anatero akazi anga ulendo wachiwiri. "Munthu wabwera yekha ndi miyendo yake. Tamumverani kaye."

"Ndimve chiyani? Ndikudziwa kale zimene abwera nazo. Pepani alamu, ntchito ndi ntchito, ana anga adya chiyani. Ndimve zimenezo kwa munthu amene ndinam'pezera ntchito ndine? Ayi, ndakana."

"Kaya inu," anatero, n'kutuluka ndi beseni lawo.

Lamlungu lotsatira kutsidya kuja anakazinga nyama. Fungo linaoloka msewu n'kulowa mpaka kuchipinda kwathu. Amayi analiko, ndinkamva kuseka kwawo. Mlongo wanga anatumiza kambale monga mwa masiku onse, ine ndinati kabwerere komweko, kuno takhuta. Ana anga anakaperekeza ndi maso mpaka kanalowa pachitseko. Pamenepo ndi pomwe mutu wanga unasiya kugwira.

Lolemba m'mawa, akazi anga atapita kochapa, ndinang'amba pepala pakati pa kope la mwana wanga, lija ankalembamo kusukulu. Ndinalembera abwana a fakitale, kuti akadziwitsenso a inshuwalansi. Ndinanena kuti munthu wa pageti uja anachita kukweza yekha chotchingira n'kuchimanga ndi waya, kuti anzake anamasula wayayo buku lisanatsegulidwe, ndipo akafuna umboni akayang'ane pachitsulo pomwe waya anadya penti. Zonsezo zinali zoona. Chokha chimene sindinanene n'chakuti mphunzitsi wake ndinali ine. Koma mtima sunakhutire, ndiye ndinaonjezera kuti munthu ameneyu ndi wabodza, akhoza kulumbira chilichonse, musadzakhulupirire mawu ake ngakhale amodzi. Dzina sindinalembe. Ndinatha m'mawa wonse, dzanja lamanzere mpaka kuwawa, kenako ndinakaponya ku positi.

Patatha masiku khumi, mlongo wanga anaoloka msewu wopanda nsapato, akulira. Alamu awachotsa ntchito. Gawo lachiwiri la chipukuta misozi, lomwe linatsala masiku anayi kuti lilowe, aliimitsa. Akuti anadzivulaza okha pophwanya lamulo, ndipo akuti kunabwera kalata.

"Achimwene, munthu wake ndani? Tinamulakwira chiyani ife?"

"Anthu ndi oipa, chemwali," ndinatero, ndikumusisita pamsana ndi dzanja lomwelo lamanzere.

Ndinene zoona, popeza ndayamba kale kudzivula: mtima wanga unati myaa. Tsiku limenelo ndinadya bwino, n'kuonjezera. Ndinkati tsopano mbali zonse ziwiri za msewu zafanana. Za mlandu wanga ndinali nditataya kale mtima, ndinkangoti ndipita kuti akandikanire pamaso.

Tsiku litafika ndinapita ndi akazi anga. Ofesi yake inali pamwamba, kukwera masitepe, khonde lalitali ndi mabenchi awiri. Pabenchi loyamba panali alamu, malaya ositidwa aja, nsapato zopukutidwa, dzanja la zala zitatu lili pabondo.

"Mwachedwatu, alamu," anatero akumwetulira. "Ndimati mwina mwagwanso pamakwerero."

Ndinakhala pabenchi linalo.

M'chipindamo munali mayi woweruza nkhaniyo, kalaliki wake, ndi loya wa fakitale, kamunthu kaulemu ka chikwama chachikopa. Alamu anaimirira n'kunena zonse mosapsatira: tcheni, bolodi, masiku anayi, ovolosi imene anandivula, geti lakumbuyo.

"Bodza la makwerero ndinanena ndine," anatero. "Munthuyu kwawo kulibe n'makwerero omwe. Ngati pali chilango, chibwere kwa ine."

Mayi uja ankalemba, akugwedeza mutu. Akazi anga anandifinya pabondo. Kwa kanthawi ndinaona ngati dzanja langa lawongoka, mwana wavala yunifomu.

Loya anaimirira mosafulumira. Anati mboniyi ndi munthu wochotsedwa ntchito, ali ndi chakukhosi ndi fakitale. Anatinso si iwo okha amene akukayikira mawu ake. Anatsegula chikwama, anatulutsa pepala la m'kope, n'kuliyala patebulo pambali pa fomu yanga. Mayi uja anayang'ana ili, anayang'ana ilo. Zilembo zogwa chagada, inki yopakika mbali imodzimodzi. Ngakhale mwana akanaona kuti lalemba ndi dzanja limodzi.

Anawerenga mokweza, mawu onse, mpaka pa "ngakhale amodzi". Kenako anavula magalasi.

"Bambo, kalata iyi analemba ndani?"

Ndinamva mpando wa alamu ukulira pamene ankatembenuka. Sindinawayang'ane.

"Ndine."

"Ndiye mukufuna ndikhulupirire ndani? Mboni yanu, kapena inu amene mukuti mboni yanuyo ndi yabodza?"

Kabuku ka kuchipatala kankati makwerero, buku la ngozi linali loyera, ndipo pachithunzi cha tsiku la njinga ndinalipo, ndikumwetulira kumbuyo. Nkhani inatha lisanakwane ola.

Pakhonde akazi anga anandidutsa osandiyang'ana, n'kutsika masitepe. Alamu anaima pafupi ndi zenera. Ndinkayembekeza chibakera, ndipo chikanandikomera.

"Alamu," anatero, mawu ali pansipansi, "milungu itatu ija ndinkadikira gawo lachiwiri. Ndinkadziwa kuti ndikangoima muno, geti ndalisiya. Ndiye ine ndi mlongo wanu tinapangana kuti ndalamazo ziyambe zalowa, tikhale ndi podyera, nyumba zonse ziwiri, mpaka zanu zitatuluka. Atandichotsa ndinati zagwa zatha, koma mawu anga ndikanenabe. Ndinabwera kawiri kudzakuuzani. Nsapato zanu ndinaziona pakhomo."

Sanadikire yankho. Anatsika masitepe n'kuyamba ulendo wapansi.

Filiji inatuluka mwezi wotsatira, anthu anayi akukuwanso kuti samalani chitseko. Ndinali pakhonde ndi nyuzipepala yomwe ija, koma sindinamve kukoma kulikonse. Mlongo wanga sanaolokenso msewu, ndipo tikakumana pampope amayang'ana ndowa yake. Mwana wanga anayamba kupita kochapa limodzi ndi mayi ake. Yunifomu ija anapatsa mwana wa aneba.

Tsiku lina akazi anga anakwera pampando, anatsitsa njinga kudenga osandifunsa, matayala akadali ndi tiubweya tawo, n'kuikankhira kutsidya. Sindinawaletse. Ndikanayankhula ndi pakamwa pati? Alamu tsopano amanyamula mabuledi panjinga imeneyo, kuchokera kubekale kupita m'magolosale. Loweruka lililonse amaima pazenera lathu n'kusiya theka la zimene apeza, atapsinja ndi mwala. Sagogoda, sapereka moni. Ndalama zimenezo ndi zomwe tikudya m'nyumba muno, ine ndemwe ndikudya nawo.

Anthu a mumsewu uno akuti munthu ngati ameneyu sapezekapezeka. Amayi akuti anabereka mwana mmodzi wamwamuna koma Mulungu anawapatsa wina wabwino. Ndiye mukuganiza kuti nsanje yanga inatha? Ayi ndithu, yangosamuka. Kale ndinkasirira filiji. Tsopano ndimasirira mmene amaperekera moni kwa aliyense osayang'ana pansi, mmene ana anga amathamangira kukawagwirira njinga akamatsitsa katundu. M'mawa ndimakhala pakhonde n'kumawaona akutsetsereka kamtunda ka kumsika, mabuledi mulu kumbuyo. Akafika pakona amagwira buleki ndi zala zitatu, njinga n'kuima. Ine zanga zili pabondo, zonse zisanu.